Tisamangosuzumira pa Zenera la Galimoto

Pali chizoloŵezi china chimene chamera mizu pakati pa ife amene tidapeza mwai wokhala ndi galimoto, kapena wokwera nawo galimoto ya mbale. Tanyamuka ku Blantyre mbandakucha, ulendo wa ku ukwati ku Mzuzu kapena wokaona makolo ku Karonga. Dzuŵa lili paliwombo tafika pa Kasungu, ndipo mmodzi mwa ana afunsa kuti: "Bambo, kodi si kuno kuli njovu kuja?" Bambo ayang'ana wotchi, aŵerenga maola otsala, nati: "Chabwino, koma ola limodzi lokha basi." Tipatuka, tithamanga makilomita oposa 30 kuloŵera kuzambwe, tilipira pa chipata, tizungulirazungulira m'nkhalangomo fumbi lili kobo, mazenera otseka, wailesi ili pokopoko. Potuluka tili kunyinyirika: "Atidyera ndalama zathu. Mitengo yokhayokha, ngati kwathu kulibe mitengo!" Kenaka tiima pa chikwangwani cha pa chipata, tijambulitsa, chithunzi tichitumiza kwa abale pa foni, ndi mau akuti taiona paki ya Kasungu.

Zoona zake n'zakuti sitidaione. Tidangodutsamo monga amadutsira munthu pa mudzi wa eni usiku. Sitikunena za anthu ena ai. Tikunena za ife tomwe, pakuti nafenso tidachitapo zimenezi. Ndipo tikufuna kunena mosabisa kuti kaonedwe kotereka n'kachabechabe, mwinanso n'kachipongwe: kachipongwe kwa nyamazo, ndipo makamaka kwa anthu amene adataya malo ao kuti nkhalangoyo ikhalepo.

Dziko lathu ndi lalitali koma lochepa m'mimba mwake, kotero kuti munthu woyenda pa mseu wa M1 kuchokera ku Nsanje mpaka ku Karonga, mtunda wa makilomita oposa 1,000, sangalephere kulambalala malo osungirako nyama. Ku chigwa cha Shire kuli Lengwe, kwao kwa boo, ndiponso Majete. Wodzera ku Zomba amaoloka Shire pa Liwonde, paki ili pafupi pomwepo. Pakati pali Kasungu. Wopatukira ku Rumphi amafika ku Vwaza ndi ku Nyika, ndipo wodzera mseu wa kunyanja amapeza Nkhotakota. Paki yoyamba inali Nyika, m'chaka cha 1965. Kasungu ndi Lengwe zidatsatira mu 1970, Liwonde mu 1973, ndipo paki ya m'nyanja ku Cape Maclear, yotetezera nsomba za mbuna, idakhazikitsidwa mu 1980. Bungwe la UNESCO lidaiika paki ya m'nyanjayi m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984. Chumachi chili m'mphepete mwa njira zathu zomwe timayendamo. Funso ndi lakuti: tikapatuka, timapatuka ngati anthu otani?

Mlandu wathu woyamba ndi liŵiro. Makolo adati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ife timafuna mkango utuluke pa nthaŵi imene tauikira, ngati kalaliki wa pa ofesi. Paki si khola la mbuzi loti mwini wake atsekule chitseko ife tisuzumire. Kasungu yokha ili ndi mahekitala oposa 200,000, ambiri mwa iwo okutidwa ndi mitengo ya mombo ndi tsamba, m'mene maso a munthu wokhala m'galimoto safika patali. Masana dzuŵa likaŵaŵa nyama zimabisala m'mithunzi, monga momwe amachitira mlimi wanzeru aliyense. Zimayenda m'mamaŵa ndi madzulo. Zimaoneka bwino m'chilimwe, kuyambira Ogasiti mpaka Novembala, pamene udzu wauma ndipo ludzu lazisonkhanitsa pa madzi, monga pa damu la Lifupa ku Kasungu kapena m'mbali mwa Shire ku Liwonde. Nanga ife tafika nthaŵi ya nkhomaliro m'mwezi wa Disembala, udzu uli m'khosi, tadutsa ndi phokoso lothaŵitsa ndi njiri yomwe, kenaka tikuti mulibe kanthu. Wolakwa ndani?

Komanso amene adatiuza kuti kuona paki ndiye kuona mkango basi ndani? Munthu wodekha amaona zambiri ngakhale njovu isanatulukire. Amaona phazi lake pa mchenga, ndowe zake zodzaza ndi mbeu za mitengo zimene zidzamera kutali ndi kholo lake, mtengo umene idaukungunula makungwa usiku. Amamva nkhwazi ikulira pa mtsinje, amaona mvuu zikupuma m'dziŵe ndi ng'ona ikuothera dzuŵa kukamwa kuli yasa. Ku Nyika, pamwamba pa mapiri opitirira mamita 2,000, amaona mbidzi, nchefu ndi chilembwe zikudya pa msipu wopanda malire, ndipo m'dzinja amapeza maluŵa a m'tchire amitundumitundu osapezeka ku chigwa. Koma Nyika simungaiyese ndi ola limodzi. Njira yochokera ku Rumphi kukafika ku Chelinda ndi yafumbi ndi miyala, ndipo imadya maola angapo. Wofuna kuiona ayenera kuipatsa tsiku lake ndi usiku wake, ndi bulangete lomwe.

Pali chinanso chimene liŵiro limatibera. Ana athu ambiri lero amadziŵa maina a nyama m'Chingerezi, kuchokera m'mabuku ndi pa kanema, koma afunseni kusiyana kwa ngoma ndi mphalapala, kwa mbaŵala ndi mphoyo, kwa nakodzwe ndi nswala, angoti kakasi. Nthano za kalulu ndi fisi timaŵasimbira, miyambi ya njovu timaŵaphera, chonsecho mwana sadaonepo phazi la fisi chibadwire. Paki ndi sukulu yokhayo yotsala kumene mau aŵa angapezenso matupi ao. Kholo limene lafika pa sukulu yotereyi nkumangoyang'ana wotchi lamana mwana wake choloŵa.

Mlandu wachiŵiri ndi waukulu kuposa woyambawu. Timaloŵa m'paki ngati tikuloŵa m'dziko limene lidakhala chikhalire lopanda anthu, pamene si choncho ai. Kumene kuli paki ya Kasungu lero kunali midzi. M'zaka za m'ma 1920 boma la atsamunda lidasamutsako anthu chifukwa cha matenda a kaodzera, obwera ndi ntchentche za kashembe, ndipo malowo adasanduka nkhalango yotetezedwa. Mpaka lero m'pakimo muli ng'anjo zakale m'mene makolo ankasungunuliramo chitsulo, ndiponso zojambula za pa miyala. Ku Nyika, pamene paki idakuzidwa mu 1978, mabanja ambiri adachotsedwa m'mapiri m'mene makolo ao adagona, nakakhala ku malo achilendo. Bata limene timalitama tikaima pa phiri nkumati kuno ndiye kokongola, kopanda ndi nyumba yomwe, ndi bata la mabwinja. Pansi pa mitengo ina pali manda amene eni ake sangathe kukasesa popanda chilolezo.

Sitikunena izi pofuna kudzutsa milandu yakale. Tikuzinena chifukwa mlendo waulemu akafika pa mudzi amafunsa kuti pano mpayani. Safunsa adadya phula. Munthu amene wadziŵa kuti pali anthu adalipira nkhalangoyi ndi minda yao, sangaponye botolo pa zenera, sangatukwane mlonda wa pa chipata, ndipo sangayang'ane mai wosenza nkhuni kunja kwa mpanda ngati mbala.

Mlandu wachitatu ndi wakuti mtengowo ukulipidwabe, koma ife odutsa sitifuna kuumva. Taonani mbiri ya njovu za ku Kasungu. M'zaka za m'ma 1970 zinalipo pafupifupi 1,200. Opha nyama mozemba, ofuna minyanga, adazipulula, kotero kuti pofika 2015 zidatsala ngati 50 zokha. Chaka cha 2017 malamulo adakhwimitsidwa, ndipo wopezeka ndi mlandu wokhudza nyama zotetezedwa kwambiri angathe kukhala m'ndende mpaka zaka 30. Mu 2022 njovu 263 zidanyamulidwa pa magalimoto kuchokera ku Liwonde, kumene zidachulukana, kupita ku Kasungu. Inali ntchito yaikulu ndithu, ndipo dziko lonse lidaomba m'manja. Koma njovuzo zidafika mpanda wa magetsi usanathe kumangidwa, ndipo njovu sidziŵa malire a paki, ngakhale malire a Malaŵi ndi Zambia. M'miyezi ndi zaka zotsatira, manyuzipepala a kuno ndi a kunja adalemba za minda yoonongedwa, nkhokwe zophwasulidwa ndi anthu ophedwa m'midzi ya mbali zonse ziŵiri za malire.

Tiyeni tiiganizire bwino nkhaniyi. Njovu yaikulu imatha kudya makilogalamu oposa 100 pa tsiku. Gulu la njovu likaloŵa m'munda wa chimanga usiku umodzi, thukuta la chaka chonse latha, feteleza wa ngongole wapita, ndipo banja latsala ndi njala. Bambo amene amagona m'chisakasa ku munda, ali ndi tochi ndi chitini chomenya, akuyang'anizana ndi nyama yomweyo imene ife tidaijambula masana nkumati koma ndiye njokongola. Kukongola kwake nkoona, ndipo mantha a bamboyo ngoonanso. Mlendo amene waona chimodzi nkukana kuona chinzake wabwerera ndi theka la choona, ndipo theka la choona limanamiza kuposa bodza lamkunkhuniza. Tisaiŵalenso agemu, amene amayenda masiku angapo m'thengo kuzula misampha ya waya ndi kukumana ndi anthu a mfuti, ena mpaka kutaya moyo. Iwonso ndi ana a m'midzi yathu yomweyi.

Tsono wina adzati: "Ngati zili choncho, bwanji osangothetsa mapakiwo, malowo nkugaŵira anthu? Kalembera wa 1966 adapeza anthu 4 miliyoni, wa 2018 adapeza oposa 17 miliyoni, koma nthaka sidakule. Nyama n'zofunika kuposa munthu kodi?" Funsoli si lachibwana, ndipo amene amalifunsa kaŵirikaŵiri ndi anthu amene mimba ikuŵaŵa. Koma yankho lathu ndi lakuti ai. Tikadula Kasungu yense lero nkugaŵana, malowo adzatha zaka zoŵerengeka, ndipo ana athu adzakhala osoŵa minda monga kale, koma tsopano opandanso nkhalango. Mitsinje imene imathirira minda ya kumunsi, monga Dwangwa wochokera m'dera la paki ya Kasungu ndi North Rukuru wochokera ku Nyika, imadalira mitengo ndi udzu wa kumtunda kuti isaphwe m'chilimwe. Zimene madzi amachita akagwa pa mapiri ometedwa tidaziona ndi misozi m'chigawo cha kumwera pa nthaŵi ya namondwe Freddy mu 2023. Kuononga nkhalango sikungathetse umphaŵi, kumangouonjezera ludzu.

Ndiponso tili ndi umboni wakuti zoonongeka zingathe kukonzeka. Majete idafika poti njovu yomaliza idaphedwa mu 1992, nkhalango nkutsala chigoba. Mu 2003 boma lidagwirizana ndi bungwe la African Parks, malowo adazingidwa ndi mpanda, ndipo nyama zidabwezeretsedwa: zipembere, njovu, njati, kenaka mikango mu 2012. Bungwe lomwelo lidayamba kuyendetsa Liwonde ndi Nkhotakota mu 2015. Ku Liwonde adazula misampha yankhaninkhani namanga mpanda wa magetsi, ndipo m'zaka za 2016 ndi 2017 njovu zoposa 500 za ku Liwonde ndi ku Majete zidasamutsidwira ku Nkhotakota. Phunziro lake ndi loonekeratu: kumene mpanda uli wolimba ndi wosamalidwa, ndiponso kumene anthu a m'midzi amapeza ntchito, uchi, madzi ndi sukulu chifukwa cha paki, udani umachepa. Kumene nyama zatsogola, mpanda nkutsalira m'mbuyo, wolira ndi mlimi. Choncho mkangano weniweni si wakuti paki ikhale kapena isakhale. Ndi wakuti katundu wake asenze ndani, ndipo phindu lake adye ndani.

Winanso adzati: "Zoona nyama n'za azungu. Ife amphaŵi tilibe nthaŵi yotaya." Mau aŵa tidaŵamva kuyambira ubwana wathu, ndipo ndi mau oopsa, chifukwa amapereka choloŵa chathu kwa alendo ndi manja athu omwe. Inde, pali mabanja ambiri amene sangakwanitse ulendo wotere, ndipo sitikuŵaimba mlandu. Tikulankhula ndi inu amene muli kale pa mseu, mafuta muli nawo m'galimoto, ndipo pa malo omwera mumatha kusiya ndalama zoposa za pa chipata cha paki. Nzika ya Malaŵi imalipira zochepa kwambiri poyerekeza ndi mlendo wochokera kunja. Ngati ife eni ake sitipitako, mapaki adzakonzedwa moganizira alendo okha, zolembedwa zonse zidzakhala m'zilankhulo zao, ndipo tsiku limene alendo adzaleke kubwera, monga zidachitikira pa nthaŵi ya mliri wa Covid-19 mu 2020, sipadzakhala woilankhulira nkhalangoyo. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene chiyambi chake n'cha mu 1947, lakhala likuphunzitsa ana m'makalabu a m'sukulu kuti nyamazi n'zao. Kodi makolo ndiwo akhale omalizira kumva?

Nanga tichite chiyani? Sitikupempha zovuta. Pokonza ulendo wautali, paki tiipatse malo ake m'ndondomeko, osati nyenyeswa za nthaŵi. Kuli bwino kuona paki imodzi bwinobwino kusiyana ndi kununkhiza atatu, pakuti mapanga aŵiri avumbwitsa. Tifike madzulo, tigone pafupi kapena m'kati momwemo, tidzuke kusanache. Titenge mmodzi mwa otsogolera alendo a pamalopo, timlipire mosanyinyirika, ndipo timfunse maina a nyama, a mbalame ndi a mitengo m'chilankhulo cha kumeneko. Tizimitse wailesi, titsekule mazenera, tiyende pang'onopang'ono. Tisatsike m'galimoto pamalo osaloledwa, tisayandikire njovu ya mwana pofuna chithunzi, ndipo tisaponyere anyani chakudya, chifukwa nyani wozoloŵera mkate wa alendo maŵa adzalanda chimanga cha eni mudzi ndipo mapeto ake adzaphedwa. Pa misewu yodutsa m'nkhalango, monga wochokera ku Kasungu kupita ku Nkhotakota, phazi lichoke pa moto.

Tikatuluka pa chipata, ulendo woona paki usathere pomwepo. Tiime pa mudzi woyamba, tipereke moni monga anthu, tigule uchi, mphasa, nthochi kapena mtedza pa mtengo woyenera, osanenerera mpaka kufinya mai wogulitsayo. Tisajambule munthu tisanampemphe, pakuti iye si mbidzi. Tifunse akuluakulu kuti chaka chino njovu zaŵasiyira chiyani, ndipo timvetsere yankho mpaka kumapeto ngakhale litaŵaŵa. Pamwamba pa zonse, tisachite zachinyengo zija zoti m'maŵa tikusirira mbaŵala m'paki, madzulo tikugula nyama yake yoŵamba mobisa m'mphepete mwa mseu, ndi matumba a makala odulidwa m'nkhalango yomweyo tasanja pa denga la galimoto. Msampha wa waya amautchera ndi wa kumudzi, koma amaulipira ndi wa m'tauni.

Ndipo tikafika kwathu, tikhale ndi pakamwa. Ife oyenda pa galimoto ndife amene timadziŵa kulemba makalata, timadziŵana ndi aphungu, timaimba mafoni ku wailesi. Tifunse ngati mpanda udatha ndipo ngati ukukonzedwa ukaduka. Tifunse kuti gawo la ndalama za pa chipata lopita ku midzi likufikadi, ndipo likugwira ntchito yanji. Tifunse kuti banja limene lataya bambo kapena munda limathandizidwa bwanji, pakuti pepani sapoletsa chilonda. Amene wasangalala ndi njovu ali ndi ngongole kwa amene amagona nazo pafupi, ndipo ngongoleyo siithera pa risiti ya pa chipata.

Aŵerengi, ulendo wina mukadzafika pa Kasungu dzuŵa lili paliwombo, mwana nkudzafunsa za njovu, musadzamunamize ndi ola limodzi. Ngati nthaŵi palibe, muuzeni zoona kuti lero sizitheka, ndipo mulonjezeni tsiku lenileni. Tsikulo likadzafika, mukamuonetse mbali zonse ziŵiri za mpanda: kumene njovu imamwa madzi, ndi kumene mnzake wa msinkhu wake amachedwa kupita ku sukulu podikira kuti njovuyo ibwerere m'thengo. Mwana woona zonse ziŵirizi ndiye adzathe kusunga nkhalango ya dziko lake popanda kuiŵala anthu ake.